Bondo Silinafunsidwe

Okutobala wa ku Dedza sawotcha ngati wa ku Golomoti,
amangosisita pamsana,
koma ife ozolowera majuzi
timadandaula ngati atiika pa chiwaya.

Tinapangana Lachisanu usiku, ine ndi Binwelo,
chipanda cha masese chikuyenda pakati pathu:
wofika mochedwa pa nsanja za pamwamba paphiri
agula mowa wonse wa Loweruka.
Pakamwa panavomera msanga.
Bondo silinafunsidwe.

Bondo ili linagwira pagolo zaka zisanu ndi zinayi,
lalawa fumbi la mabwalo onse
kuyambira ku Linthipe mpaka ku Lizulu.
Lero limalosera mvula, basi.

Tinadutsa kuseri kwa macheka dzuwa litakwera kale.
Amayi atatu ankatsika ndi mitolo ya nkhuni
yotalika kuposa denga la kwathu,
wapatsogolo anatiyeza ndi diso limodzi:
“Mwayamba kale wefuwefu, bambo?
Phiri lenilenilo simunalipatse moni.”

Masamba ouma a paini amaterera ngati therere.
Pamene ndinkadziwa nkhalango ndinapeza zitsa,
zakuda ndi moto wa osaka mbewa,
ndipo pakati pa zitsazo
kaduwa kofiira kopanda tsamba
katatumphuka paphulusa, osapempha chilolezo.

Pa thanthwe lalikulu tinamasula jumbo:
mbatata yootcha ya dzulo,
chikondamoyo cha Nankhoma chouma m’mbali,
mapichesi asanu, aubweya, osapsa bwino,
thobwa m’botolo lomwe linkanunkhirabe mafuta ophikira.
Nyani wamkulu anakhala patali pang’ono
ngati mlamu wosaitanidwa,
kuwerenga nthongo zathu.

Foni inalira m’thumba:
akundilandira ku Mozambiki
ndisanasunthe phazi.

Kenaka Binwelo analoza pansi.
Boma lonse linakwana m’chikhatho:
msika, tchalitchi, malole ali ndondondo kudikira pachipata,
ndi bwalo la mpira ngati kachigamba pa buluku.
Timadontho tofiira, timadontho toyera.
Mwadzidzidzi tofiira tonse tinathamangira ku ngodya imodzi,
m’mphepete monse munabalalika ngati nyerere zopondedwa,
mwakachetechete, zii,
ndiye patapita kanthawi
mphepo inatibweretsera kachigoli kaja
katatopa ndi chitunda, kakang’ono ngati kulira kwa udzudzu.
Ine ndinayang’ana kadontho kamodzi kotsala kokha
pakati pa mitengo iwiri.
Ndikudziwa kulemera kwa mpira
ukamautola muukonde wako.

Patatsala mtunda wongoponya mwala
Binwelo anawerama kumanga chingwe cha nsapato.
Anamanga. Anamasula. Anamanganso.
Ndinamudutsa ndikutsimphina, maso kumwamba,
ndinagwira waya wa mpanda wa nsanja
ndi kukuwa ngati ndatchinga penate.
Za chingwe chija sitinakambirane.

Kutsika ndiko kunandiliza.
Tinalowa m’tauni magetsi akuyamba kuphethira,
miyendo yoyera mbuu mpaka m’mawondo.
Pa chiwaya cha Zuze, pafupi ndi depoti,
kachewere wa m’dimba la m’mawa womwewo
ankasambira m’mafuta,
ndipo tinadya choimirira, ndi timitengo,
mchere, tsabola wa kambuzi, kabichi wodula mopyapyala,
kanyama ka nkhumba kamafuta kapulayizi
poti Zuze amakumbukabe Lamlungu lina
lomwe ineyo ndinaliiwala.

M’bala munadzaza ofiira ndi oyera omwe,
aliyense ali ndi chigoli chakechake.
Wina akuti chamutu, wina akuti ofusayidi.
Ndinati ine ndachiona bwino kuposa nonsenu,
anafunsa ndinakhala mbali iti,
ndinaloza mdima kumene kuli phiri.

Botolo loyamba anagula Binwelo, monga mwa pangano,
lozizira mpaka kuluma mano.
Ndisanalawe ndinaliika kaye pa bondo.
Ena onse otsatira ndinagula ine,
iye osafunsa chifukwa.